Tsamba Limene Mayi Otilia Mpomba Anasiya Loyera

Malemu anabadwa pa 14 Ogasiti 1961, kuno kwa Nyachikadza, m'nyumba ya bango imene inali pafupi ndi doko lakale lija linadyedwa ndi madzi. Anali mwana woyamba wa bambo Augustino Alfazema, msodzi amene anachokera ku Mozambique ali mnyamata, ndi mayi Jacqueline, amene ankawamba nsomba n'kumagulitsa. Pa ubatizo anapatsidwa dzina lakuti Otilia. Tinabadwa asanu m'mimba imodzi, ndipo lero tatsala awiri.

Amene ndaima pamaso panu ndine Francisco Alfazema, mlongo wawo wamng'ono, msodzi ngati bambo athu. Atsogoleri a mpingo, mafumu, aphunzitsi ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, mundipirire ndikamawerenga mokoka mwendo. M'banja mwathu muli anthu odziwa kuwerenga kuposa ine, koma malemu ananena okha kuti mbiri yawo ndidzawerenge ndine, ndiponso kuti ndisadzadumphe nkhani ya tsamba loyamba la buku lawo. Tsamba limenelo linali mlandu wanga kwa alongo anga kwa zaka khumi. Muumva ukafika pamalo pake, ngakhale manyazi akundigwira kale.

M'chaka cha 1969 bambo athu anawakweza malemu m'bwato n'kukawasiya kwa azakhali athu kwa Tengani kuti akayambe sukulu. Asodzi anzawo anawaseka kuti akutaya manja owambira nsomba, koma bambo anangoti manja a pa nsomba alipo kale okwanira. Malemu anafika m'kalasi akudziwa Chisena chokha. Ankatiuza kuti chaka choyamba chonse anakhala duu, chifukwa akangotsegula pakamwa anzawo ankagwa ndi phwete. Zimenezi sanaziiwale moyo wawo wonse, ndipo mwana aliyense wosekedwa chifukwa cha kayankhulidwe ankapeza pobisala kwa iwo. Anasankhidwa kupita ku sekondale mu 1977, anakhoza mayeso a Fomu 2 mu 1979, kenaka anachita maphunziro a uphunzitsi ku Blantyre kuyambira 1980 mpaka 1982.

Ntchito anayambira kwa Katunga, ku Chikwawa, mu 1982. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi bambo Anderson Mpomba, amene ankayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe, ndipo anamanga ukwati woyera pa 6 Okotobala 1984. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Veronika, Raphael ndi Maureen. Alamu athuwo anali munthu wosayankhulayankhula, moti ife tinkati mawu onse a m'nyumba imeneyo anapita kwa munthu mmodzi. Anakhala mwamtendere mpaka pamene bambo Mpomba anatisiya mu 2003.

Mu 1996 malemu anachita chinthu chimene anzawo anachitcha misala. Anapempha okha kuti awatumize kuno kwawo, kumene aphunzitsi ambiri amakana chifukwa cha udzudzu, matope ndi kuwoloka Shire. Anapatsidwa phunziro la Chichewa kuyambira Sitandade 6 mpaka 8: nthano, ndakatulo, miyambi, zining'a, zifanifani ndi malamulo a chiyankhulo. Anapeza ana athu akuliopa phunzirolo. Anawo ankaloweza pamtima kuti mneni ndi mawu osonyeza ntchito, koma ukawafunsa kuti apeze mneni m'chiganizo ankangoyang'ana kudenga. Malemu ankati vuto silinali mitu ya anawo ayi. Ana ankaganiza kuti zining'a ndi zifanifani ndi katundu wochokera kumtunda m'mabuku, pamene amayi awo ankaziyankhula tsiku lonse padoko, potsutsana mitengo ya milamba.

Ndiye anagula buku lalikulu lachikuto cholimba, n'kukhazikitsa lamulo lawo la Lachisanu. Tsiku limenelo mwana aliyense ankayenera kubwera ndi mawu amodzi ochokera pakamwa pa munthu wamkulu wa kwawo, kaya ndi mwambi, nyimbo yopalasira bwato, ndagi, ngakhale mawu okalipira. Akakhala a Chisena ankalembedwa m'Chisena momwemo, pansi pake n'kuikapo Chichewa. Kenaka kalasi lonse linkasaka m'menemo dzina, mneni, mfotokozi, chifanifani ndi mvekero. Pambali pa mawu aliwonse malemu ankalemba dzina la mwini mawuwo ndi mudzi wake, chifukwa ankati mawu opanda mwini ndi amasiye. Ndikukumbuka mwana wina anabwera ndi mawu amene amayi ake anauza abambo ake, akuti mukungoyendayenda ngati bwato lopanda nkhafi. Chifanifani chimenecho chinaphunzitsa ana zaka zambiri. Abambowo ali pano, ndawaona, koma sindiwatchula.

Tsamba loyamba la bukulo linali la bambo athu. Malemu anawakhazika pa bwato lovundikira, iwo n'kuimba nyimbo yawo yopalasira, ndime zonse zisanu ndi imodzi. M'Chichewa imayamba motere: "Palasa mwanawe, tsidya silibwera lokha. Shire ndi apongozi, usawayang'ane m'maso." Chaka chilichonse ana a Sitandade 6 ankayambira pamenepo kuphunzira mmene mlakatuli amasandutsira mtsinje kukhala munthu. Bambo athu, amene sanapondeko m'kalasi, ankayenda modzikweza atamva kuti ndi mlakatuli. Anamwalira mu 2009, mawu awo n'kutsala m'bukumo pamodzi ndi a anthu ena mazana. Zipatso zake munaziona nokha. Ana a kudambo kuno anayamba kuwoloka kupita ku sekondale, ndipo ena a iwo akhala pamipando apo, avala mataye.

Tsopano ndafika pa mlandu wanga. Mu Janyuwale 2015 madzi anatilowera, monga mukudziwa nonse. Malemu anasiya zovala ndi ziwiya, n'kutenga ndowa yokhala ndi chivundikiro imene ankasungiramo bukulo, ndipo anaisenza pamutu mpaka m'bwato. Tinakakhala kumsasa kumtunda miyezi iwiri. Kumeneko kunamveka mphekesera yakuti a boma akulemba mayina a anthu ovomera kusamuka, ndipo aliyense wolembedwa sadzabwereranso kudambo. Inu a kumtunda mwina simungamvetse, koma kwa ife kulembedwa dzina pa nthawi ya madzi si nkhani yamasewera. Madimba athu, madoko athu ndi manda a makolo athu zili kuno. Ndiye taganizani, pa nthawi yomweyo malemu anali atayambiranso kalasi pansi pa mtengo, ndipo ophunzira awo ankalowa tenti ndi tenti kufunsa akuluakulu mawu, kenaka n'kufunsa dzina ndi mudzi.

Ife amuna sitinkadziwa zimene zinkachitika ndi mawuwo akafika m'kalasi. Tinkaona ngati ndi masewera a ana ndi amayi awo, ndipo sitinapondeko kusukulu kukafunsa. Ine ndinali wapampando wa asodzi a doko lathu. Anzanga anandizungulira n'kunena kuti alongo anga, poti ndi antchito a boma, akutilemba mobisa. Ndinakana masiku awiri, tsiku lachitatu ndinakhulupirira. Pa 12 Malichi 2015, pobwerera kuno, ndine ndinkapalasa bwato limene malemu anakwera. Titafika pakati pa mtsinje ndinaika nkhafi pansi, ndinavundukula ndowa ija n'kutsegula bukulo. Sindinkadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Mnzanga wina amene anafikako Sitandade 2 analoza ndi chala kuti awa ndi mayina, iyi ndi midzi. Sindinafunse mwini wake, ngakhale anali atakhala pafupi ndi mawondo anga. Ndinaliponya, linangoti chubwi. Buku limene madzi osefukira analilephera, ine mlongo wawo sindinalilephere. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Malemu sanakuwe, sanalire, sanandinyoze pamaso pa anthu. Bwato linafika pagombe. Potsika anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Hannah, mwataya bambo athu kachiwiri." Ine ndinapita kunyumba ndikudziona ngati ndapulumutsa mudzi.

Lachisanu lotsatira anaitanitsa makolo onse padoko. Anaimika ophunzira awo pamzere, pamodzi ndi ena amene anawaphunzitsa kale, ndipo aliyense ananena mawu amene ankawakumbukira a m'bukumo, n'kutchula mwini wake. Amayi amasiye anamva miyambi ya amuna awo. Mkulu wina anamva nyimbo yotontholera mwana ya malemu akazi ake, n'kukhala pansi pamatope osasamala thalauza. Apo ndi pamene tinadziwa chimene tinataya, mawu a zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ambiri a eni ake ali m'manda. Amene anandituma aja anazemba mmodzimmodzi, ine n'kutsala ndekha ndi chipewa m'manja. Ndinapita kukagwada kwa alongo anga n'kunena kuti madzi akatayika sawoleka. Iwo anati mwambi umenewo ndausankha chifukwa ndi wopepuka kwa munthu waulesi.

Mwezi womwewo anagula buku lina. Ophunzira awo akale ankabwera, ena kuchokera ku Nchalo ndi ku Bangula pa njinga, kudzabweza zimene ankakumbukira. Zambiri zinabwerera, zina zinapitiratu. Koma tsamba loyamba malemu analisiya loyera. Nyimbo ya bambo ankaidziwa bwino lomwe, anaiphunzitsa zaka zonsezo, koma anakana kuilemba, ndipo analetsa ana awo ndi mwana wanga Hannah kuti asandilembere. Anati dzanja limene linataya ndi lomwe litole. Ndinawakumbutsa kuti dzanjalo silidziwa kugwira cholembera, iwo anati likudziwa kumene kumakhala mphunzitsi.

Abale anga, ndinazemba zaka zisanu ndi chimodzi. Munthu wa imvi, wapampando, kukakhala pansi n'kumati a, e, i, o, u? Ndinkaopa kusekedwa padoko. Ndinayesa kuwanyengerera ndi nsomba. Ndikapha mlamba wonona ndinkawatumizira, iwo n'kulandira ndi manja awiri, kudya bwinobwino, kenaka ndikapita kukawaona ankatulutsa bukulo n'kuliika patebulo chotsegula. Tinkacheza za mvula ndi za mbatata, tsamba loyeralo lili pakati pathu. Ndinamvanso kuti pophunzitsa mvekero ankapereka chitsanzo cha chubwi, n'kuwonjeza kuti amene amaudziwa bwino mvekero umenewo ndi bambo a Hannah. Ana ankandiseka m'njira. Koma pa zaka zonsezi sanasiye kundipatsa moni, sanamane ana anga chilichonse, ndipo mkazi wanga atadwala mu 2018 ndi iwo amene anakhala naye kuchipatala milungu itatu.

Malemu anapuma pa ntchito mu Ogasiti 2021, atatumikira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Sanasiye sukulu, ankapitabe Lachisanu lililonse mongodzipereka. Chaka chomwecho anawapeza ndi matenda a shuga. Nditamva ndinachita mantha, ndinakumbukira kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Masana ena ndinafika pakhomo pawo ndilibe nsomba, iwo anangondiyang'ana m'manja n'kuseka, n'kutuma mdzukulu kuti abweretse mpando. Tinayambira pamchenga ndi kamtengo. Zala zanga zinazolowera nkhafi, moti mapensulo ndinathyola osawerengeka. Chilembo cha g chinandizunza miyezi iwiri, iwo n'kundiuza kuti ndingojambula mbedza, ndipo tsiku lomwelo chinatheka. Sananditchulepo kuti mbuli. Ndikalakwitsa ankati bwato lagunda mchenga, tikankhe.

Mu Malichi 2023 namondwe atabwera, madzi anafika usinkhu umene sitinauonepo. Nthawi imeneyo ndowa ija ndinaisenza ndine, ndipo ndinawoloka nayo nditaikhazika pakati pa miyendo. Kumsasa anthu ankadzipereka okha kuti awalembe mawu ndi dzina lomwe, ena mpaka kukangana kuti mwambi wakutiwakuti ndi wa agogo awo. Pofika 2024 ndinkatha kuwerenga ndime ya m'Baibulo ndi kulemba kalata yaifupi. Malemu anati nthawi yakwana, koma ine ndinati ndidikire kaye dzanja liwongoke. Kunena zoona ndinkaopa. M'bukumo munali zolemba zawo zokongola, ndipo ndinkachita manyazi kuika zanga zokhotakhota patsogolo pa zonsezo, pamalo pa bambo.

Mu Meyi chaka chino matenda anakula, impso zinayamba kuvuta. Anagonekedwa pa chipatala cha boma ku Nsanje pa 2 Juni, anatuluka, n'kubwereranso pa 7 Julayi. Pa 14 Julayi madokotala anaitana Veronika pambali n'kumuuza kuti tikonzeke. Veronika anabwera kwa ine ndi bukulo m'jumbo, ndipo anati amayi ake sakudandaula za ululu, akungofunsa ngati amalume alemba. Sindinapitenso kumadzi. Ndinakhala pakhonde masiku atatu, Lachiwiri mpaka Lachinayi, ndikulemba ndime ziwiri pa tsiku, ndikupukuta thukuta kuti lisadonthere pa pepala. Bwato lililonse likafika padoko ndinkaganiza kuti labwera ndi uthenga. Pansi pa nyimboyo ndinalemba monga mwa lamulo lawo: mwini mawu, Augustino Alfazema, wa kwa Nyachikadza.

Ndinafika kuchipatala Lachisanu m'mawa, pa 18 Julayi. Ndinawapeza ali maso, atawonda kwambiri. Anasisita tsambalo ndi zala, koma maso sankaonanso bwino, choncho anati ndiwawerengere. Ndinayamba kuwerenga, koma pofika mzere wachiwiri mawu anasanduka okha nyimbo, ndipo ndinaimba ndime zonse mmene bambo ankaimbira. Amayi ena odikirira odwala, a kuno kudambo, anayamba kuvomera chapansipansi. Malemu ankagwedeza dzanja pa bulangete ngati akupalasa. Nditamaliza anaitanitsa cholembera chawo chofiira, chimene inu ophunzira awo mukuchidziwa bwino. Ine ndinati ndatha, andipezera zolakwa, pakuti zinalimo zambiri. Sanakonze ngakhale chimodzi. Anatenga nthawi yaitali, n'kulemba liwu limodzi pansi pa tsambalo, liwu la Chisena limene timathokozera: Takhuta. Kenaka anati, "Bambo a Hannah, bambo abwerera kunyumba."

Ine ndi amene ndinalakwa, ine ndi amene ndinaphunzitsidwa ulele, ine ndi amene ndinachedwa zaka khumi, koma wothokoza anakhala iwo. Zimenezi zikundiliza mpaka lero, ndipo sindibisa. Malemu anatisiya Lamulungu pa 20 Julayi 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ana awo onse atatu ali pambali. Anali ndi zaka 63.

Asiya ana atatu, Veronika, Raphael ndi Maureen, adzukulu asanu ndi awiri, mng'ono wawo Princess amene wakhala ndi azimayi apo, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso ophunzira amene sitingathe kuwawerenga. Bukulo ananena kuti lisalowe m'bokosi ndipo lisagawidwe pamodzi ndi katundu. Libwerera kusukulu, m'ndowa yake yomweyo, m'manja mwa Hannah amene tsopano akuphunzitsa Chichewa pomwepo. Kumapeto kwake kwatsala masamba oyera. Mwana akakufikirani Lachisanu kudzapempha mawu ndi dzina, musamuthamangitse, ndipo ngati pali chokayikitsa kafunseni.

M'malo mwa banja la Alfazema ndi la Mpomba, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Ndikuthokoza amayi a mpingo amene ankasinthana kuchipatala, ndipo kuyambira Lamulungu sanachoke pamoto. Ndikuthokoza aphunzitsi ndi ana a sukulu amene ayimba m'mawa uno, bambo Smart amene anakhoma bokosi, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, ndi asodzi anzanga amene anasiya maukonde n'kuwolotsa thupi ndi anthu onsewa osatopa. Ena mwa asodziwo ndi omwe aja tinali nawo m'bwato mu 2015, ndipo dzulo analimbirana nkhafi kuti awapalasire. Mafumu athu ndi nonse ochokera kwa Tengani, kwa Katunga ndi tsidya la ku Mozambique, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Pomaliza ndiyankhule ndi eni mbiriyi. Alongo anga, pepala ili ndalemba ndekha, palibe wandigwira dzanja, ndipo ndaliwerenga ndekha pamaso pa anthu onse a padoko amene ndinkaopa kuti andiseka. Nkhani ya tsamba sindinaidumphe. Zolakwa zilimo, koma cholembera chofiira mwachisiya. Liwu lija munalemba linayenera kuchokera kwa ine, ndiye ndikulibweza pano anthu akumva: takhuta, aphunzitsi anga. Munapalasa, tsidya mwafika, kapatseni moni bambo.

Mzimu wa mayi Otilia Mpomba uuse mumtendere wa Ambuye.